Pomwe lata lakumana ndi khoma

Mvula yoyamba ya chaka chatha inandipeza kwa achemwali anga ku Chilomoni, tili pabalaza magetsi atathima. Nyumbayo inali isanathe zaka ziwiri chiimangireni. Malata ake ndi obiriwira, a IBR, ogula ndi penshoni ya malemu alamu anga, ndipo kunja kwake n'kokongola moti odutsa mumsewu amachita kucheuka. Mvula itangolimba tinayamba kumva kuti tho, tho, tho kuseri kwa kabati. Achemwali sanadzidzimuke n'komwe. Anangoitana mdzukulu kuti abweretse beseni lija, ndipo mwanayo anadziwa beseni lake ndi pomwe amaliika. Nditayatsa tochi ya pafoni n'kuunika m'mwamba, ndinaona siling'i itafufuma pakona, mzere wachikasu utatsika ndi khoma mpaka pansi, penti itachita matuza.

"Achimwene, malatawa anandigulitsa achinyengo," anatero achemwali. "Ndikadzapeza ndalama ndidzasasula onse."

M'mawa mwake ndinakwera padengapo ndi mmisiri wina wachikulire wa m'deralo, amene wafolera nyumba kuyambira ine ndili kupulayimale. Tinayenda ndi lata lililonse. Panalibe bowo, panalibe dzimbiri, misomali yonse inali pamwamba pa mizere monga mwa lamulo lake. Mkuluyo sanatayepo nthawi. Anapita molunjika kumene malata amathera pakhoma lobisa denga, n'kugwada. Pamenepo omanga anamatapo simenti, mtanda wautali wotsatira khoma lonse, ndipo pakati pa simentiyo ndi lata panali mng'alu woti msomali wa mainchesi atatu unalowa wonse osakhomera. Mkuluyo anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo, malata alibe mlandu. Apa panafunika fulashing'i."

Fulashing'i, monga amatchulira amisiri, ndi chitsulo chopyapyala chopindidwa, chimene amachiika paliponse pomwe denga ladukira kapena lakumana ndi chinthu china: khoma, chumuni, paipi, kapena denga linzake. Ntchito yake si kumata. Ntchito yake ndi kulandira madzi ochokera kumtunda n'kuwapereka pamwamba pa lata, kuti apitirize ulendo wawo wotsika mpaka akagwe panja. Pandalama zonse zofolera nyumba, chitsulochi chimatenga kagawo kochepa zedi. Komabe ndi chimene timayamba kuchidumpha ndalama zikayamba kuthina, chifukwa munthu akaima pabwalo sachiona, ndipo eni nyumba ambiri sadziwa n'komwe kuti chimayenera kukhalapo.

Kuti munthu amvetse kulemera kwa nkhaniyi, ayambe wawerengera madzi amene denga limasenza. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pamalo otalika mita imodzi, mulifupi mita imodzi, amakhala madzi okwana lita imodzi. Nyumba wamba ya zipinda zitatu imatha kukhala ndi denga la masikweya mita 100. Chimvula cha mamilimita 50, chimene mu Januwale chimatha kugwa masana amodzi, chimathira padenga limenelo malita 5,000. Amenewo ndi madiramu 25 a malita 200, kapena zidebe 250 za malita 20. Madzi onsewo amayenera kuchoka padenga m'maola ochepa, ndipo satsika mofanana. Amasonkhana m'zigwa za denga, amaunjikana kuseri kwa chumuni, amatsetsereka ndi khoma. Pomwe asonkhana ndi pomwenso pali polumikizira. Kumadera a mvula yambiri monga Mulanje, Thyolo ndi Nkhata Bay, polumikizira pamenepa pamayesedwa pafupifupi tsiku ndi tsiku dzinja lonse, kenako chiperoni n'kudzawonjezera m'miyezi yozizira, khoma lisanaume bwino.

Nanga simenti inalakwa chiyani, poti ndi yolimba kuposa kachitsulo kopyapyala? Aliyense amene wakhala m'nyumba yamalata amadziwa kulira kwa denga masana a mu Okutobala, kuja limati tha, tha, ngati wina akuponyapo timiyala. Kumeneko ndi kufutukuka kwa chitsulo. Lata lotalika mamita 6 likatenthedwa ndi dzuwa, kutentha kwake n'kukwera ndi madigiri 40, limatalika ndi mamilimita pafupifupi atatu, ndipo usiku limabwerera. Khoma la njerwa silisuntha choncho. Ndiye simenti imene yagwira lata mbali ino ndi njerwa mbali inayo imakokedwa m'mawa, kukankhidwa madzulo, masiku 365 pachaka. Simenti sipindika, imangothetheka. Mng'alu woyamba umakhala ngati tsitsi, koma madzi safuna khomo lalikulu. Mmene chingwe cha koloboyi chimakokera palafini kuchokera pansi kupita kumoto, ndi mmenenso mpata wopyapyala umakokera madzi, ngakhale chokwera. Mphepo ikawomba mvula cham'mbali, imachita kuwakankhiramo. Ndipo akapeza njira kamodzi, akuluakulu ananena kale kuti madzi saiwala khwawa.

Fulashing'i yoikidwa bwino pakhoma imakhala ya zidutswa ziwiri, ndipo nzeru yonse yagona pamenepo. Chidutswa choyamba chimapindidwa ngati ngodya. Phiko limodzi limagona pamwamba pa malata, kuphimba mizere iwiri ngati chili m'mbali mwa denga, ndipo linalo limaima motsamira khoma, kutalika kwake kosachepera mamilimita 150. Chimenechi chimakhomeredwa kudenga, osati kukhoma. Chidutswa chachiwiri ndicho cha khoma: mmisiri amasema kamzere mumpata wa njerwa, kuya kwake ngati mamilimita 25, n'kulowetsamo mlomo wa chitsulocho, kenako n'kutseka ndi matope a simenti kapena zomatira zofewa. Thupi lake limalendewera pansi, kuphimba phiko loima lija ngati mmene malaya osapisira amaphimbira lamba wa thalauza. Denga likafutukuka, chapansi chimasuntha nalo. Chapamwamba chimakhala phee ndi khoma lake. Ziwirizi sizimangirirana, choncho palibe chong'ambika, koma madzi otsika ndi khoma amagwera pachapamwamba, kuchoka apo pachapansi, kuchoka apo palata.

Nzeru imeneyi si yachilendo kwathu kuno. Agogo athu pofolera ndi udzu ankayambira m'munsi kukwera m'mwamba, mzere uliwonse wa udzu kuphimba mitu ya mzere wapansi pake, mpaka kukamanga pansonga. Palibe chimene ankamata. Ankangoonetsetsa kuti chapamwamba chagonera chapansi, ndipo denga ankalitulutsa kunja kwambiri kuti khoma ladothi likhale pamthunzi wa khonde, mvula isalimenye. Azungu oyamba kumanga ku Blantyre anatsata zomwezo. Nyumba ya Mandala, imene kampani ya African Lakes inamanga mu 1882, ikadalipo mpaka lero ndi makhonde ake otambalala oteteza makoma. Denga lotere lili ndi polumikizira pochepa, ndipo ngakhale mmisiri alakwitse pang'ono, madzi amakagwerabe kutali ndi khoma.

Zimene zasintha ndi mamangidwe athu. Yendani m'malo amene akumangidwa kumene ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Mzuzu, muona nyumba zambiri zobisa denga: makoma akwezedwa kupitirira malata, kutsogolo kukuoneka ngati bokosi losalala. Anthu amazikonda chifukwa zimaoneka zamakono, ndipo ena amati zimapulumutsa matabwa ndi malata popeza denga lake limakhala logona. Sindikutsutsa kukongola kwake. Chimene ndikunena n'chakuti nyumba yotere yasandutsa denga kukhala beseni. Madzi amene kale ankagwera pabwalo tsopano atsekeredwa ndi makoma mbali zitatu kapena zonse zinayi, ndipo ayenera kutuluka kudzera mungalande yobisika ndi timapaipi tingapo. Mita iliyonse ya khoma lobisa denga ndi mita ya polumikizira. Amene wasankha nyumba yotere wasankha nyumba imene moyo wake wonse wadalira fulashing'i, ndipo zimandipweteka kuona kuti ambiri amauzidwa zimenezi siling'i itagwa kale.

Pa nyumba zimenezi palinso malo ena awiri amene amaiwalika. Oyamba ndi pamutu pa khoma lenilenilo. Pulasitala wa pamwamba pa khoma amang'aluka ndi dzuwa, mvula n'kumalowa m'njerwa kuchokera kumwamba, kutsika m'kati mwa khoma, kudutsa kuseri kwa fulashing'i yabwinobwino n'kukatulukira kuchipinda. Mutu wa khoma umafunika chipewa, chachitsulo kapena chakonkire, chopendekera kudenga komanso chotulukira pang'ono mbali zonse. Achiwiri ndi ngalande yobisika ija. Masamba a mango, majumbo ouluka ndi mphepo, chisa cha mbalame, zonsezi zimatseka paipi, ndipo madzi akasowa kolowera amakwera mpaka kusefukira m'nyumba. Ngalande yotere iyenera kukhala yotakata, yopendekeka, ndiponso yokhala ndi kabowo kapadera kotulukira kunja kwa khoma, kamene kamalavula madzi paipi ikatsekeka. Mwini nyumba akaona kabowoko kakulavula, amadziwa kuti yakwana nthawi yokwera ndi tsache.

Vutoli si la nyumba zapamwamba zokha. M'makwalala a ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi, banja likakula kapena likafuna kachipinda ka lendi, limawonjezera chipinda potsamiritsa kadenga katsopano kukhoma la nyumba yakale. Pokumanira pamenepo ndi pomwe pamadontha nthawi zonse, ndipo mankhwala amene timawadziwa ndi phula. Chaka chino phula, chaka chamawa phula lina pamwamba pa lakale, mwina ndi chigamba cha thumba la feteleza pakati. Dzuwa limaliumitsa, limang'aluka, ndipo choipa kwambiri n'chakuti limasunga chinyontho pansi pake, lata n'kumadyeka ndi dzimbiri mobisika. Ndalama ya phula la zaka zitatu ikanagula lata losalala limodzi, loti likadulidwa m'mizere n'kupindidwa likanatseka khoma lonselo kamodzi n'kamodzi. Ngakhale timatepi taphula togulitsidwa m'mahadiweya, tonyezimira kumsana tija, n'tothandiza pangozi, mvula ili m'kati. Tisatiyese mankhwala okhalitsa.

Chumuni nacho chili ndi khalidwe lake. Chimaima pakati pa njira ya madzi ngati mwala mumtsinje, ndipo madzi ochokera kumtunda amadzaunjikana kuseri kwake pamodzi ndi zinyalala. Kumeneko kumafunika kangalande kachitsulo kolowa pansi pa malata akumtunda, kopatutsira madzi uku ndi uku. M'mbali mwake chitsulo chimatsika motsatira mizere ya njerwa ngati masitepe, ndipo kutsogolo chimagona pamwamba pa malata ngati epuloni. Pachigwa cha denga, pamene madenga awiri akumana chotsika, lata la m'chigwa limalowa pansi pa malata a mbali zonse, ndipo m'mphepete mwake amapindamo kamlomo koimitsa madzi othamanga kuti asalumphire kumatabwa. Pamsana pa denga la IBR, mmisiri wosamala amapinda m'mwamba mapeto a mikwasa ya lata asanaike chophimba chapamsana, kuti mphepo isakankhire madzi chokwera. Ndi ntchito ya mphindi zochepa ndi pulayala, koma ikadumphidwa, mvula ya mphepo imadonthetsa nyumba pakati penipeni. Masiku ano tawonjezapo mabowo atsopano: mapaipi a giza, nthambo za sola, miyendo ya dishi ya kanema. Woika zinthuzi amaboola, n'kupaka silikoni, n'kutsika. Nthawi zambiri mwini nyumba sakwera kukaona, mpaka silikoniyo itafumuka ndi dzuwa.

N'chifukwa chiyani ntchito yofunika chonchi imasiyidwa? Ndaganizapo kwambiri, ndipo ndikuona kuti fulashing'i ndi mwana wamasiye pamalo omanga. Womanga khoma amati zachitsulo ndi za kalipentala. Kalipentala amati iye wafolera, zosema khoma ndi za womanga. Aliyense amalandira ndalama yake payekha, pa nthawi yosiyana, ndipo kawirikawiri kalipentala akamafika, womanga anapita kale kukayamba nyumba ina. Ngakhale m'masukulu a ntchito zamanja amene ali pansi pa TEVETA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, kumanga ndi ukalipentala ndi maphunziro awiri osiyana, monga zilili kulikonse. Polumikizira denga ndi khoma pali pamalire a ntchito ziwirizi, ndipo pamalire ndi pomwe udzu umamera. Mwini nyumba ndiye yekhayo amene angathe kutseka mpatawo, pofunsa asanapereke ndalama yoyamba kuti kodi fulashing'i aika ndani, yachitsulo chanji, ndipo ili pamndandanda wa zogula kapena ayi. Luso lopinda chitsulo lilipo lambiri m'dziko muno. Amisiri okhoma zidebe ndi mbaula mumsika wa Ndirande kapena wa Lilongwe amapinda lata mowongoka ndi nyundo yamtengo ndi kanjanji basi. Mukawapatsa miyeso, fulashing'i amakupangirani tsiku lomwelo.

Pogula chitsulocho pali zoyenera kusamala. Nambala ya geji ikamakwera, lata limapyapyala: geji 28 ndi yochindikala kuposa geji 32. M'chigwa ndi mungalande, momwe madzi amakhalitsa, si malo oikamo lata lopyapyala pofuna kupulumutsa ndalama, chifukwa likaola kulisintha kwake n'kosasula malata a mbali zonse. Zitsulo zosiyana mitundu nazonso sizigwirizana zikanyowa. Kopa akakhudzana ndi lata wamba, kapena madzi ochokera papaipi ya kopa akamadonthera palata, latalo limadyeka msanga. Simenti yaiwisi nayo imadya utoto woteteza lata, n'chifukwa chake pansi pa mtanda wa simenti uja nthawi zambiri mumapeza dzimbiri. Ndipo zidutswa zikamalumikizidwa m'litali, chakumtunda chigonere chakumunsi ndi mamilimita 150 kapena kuposa.

Ena anganene kuti kudontha pang'ono si imfa, beseni lilipo. Koma dontho limene lafika m'beseni ladutsa malo ambiri lisanafike. Lanyowetsa thabwa limene lagwira misomali ya malata, ndipo thabwa lonyowa limafumbwa, limaitana chiswe, limaleka kugwira msomali. Tsiku la chimphepo denga lotere ndi limene limayamba kunyamuka. Ladutsa pa nthambo za magetsi za musiling'i. Lalowa m'khoma, kumene limabala nkhungu yakuda ija ya kuseri kwa kabati, imene imavutitsa ana ndi anthu odwala mphumu. Tonse tikukumbukira namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023, pamene mvula inagwa masiku otsatizana osakata m'chigawo cha kummwera. Palibe chitsulo cha padenga chimene chikanaimitsa matope ndi miyala zimene zinatsika m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo kunena zotero kungakhale kunyoza amene anataya abale awo. Koma kutali ndi mapiri ndi mitsinje, nyumba zambiri zinagwa chifukwa makoma anamwa madzi mpaka kufewa, makamaka a zidina ndi a njerwa zomangira dothi. Khoma lotere limalimba pokhapokha likakhala louma, ndipo madzi olowera kumutu kwake amalipha mofanana ndi olowera kumapazi.

Mawindo nawo ndi polumikizira, ngakhale sitiwaganizira choncho. Kasitepe ka pansi pa windo kayenera kupendekera kunja, kutulukira kupitirira khoma, ndipo kunsi kwake kukhale kamzere kosemedwa kodula madzi kuti adonthere pansi m'malo mobwerera kukhoma. Mukaona ndevu ziwiri zakuda zotsika m'makona a windo, dziwani kuti kamzereko kulibe.

Kupeza podonthera penipeni kumafuna kudekha, chifukwa pomwe dontho lagwera si pomwe lalowera. Madzi amatha kuyenda ndi thabwa mamita awiri kapena atatu asanagwe. Mmisiri uja anandionetsa njira yake. Munthu mmodzi amalowa musiling'i ndi tochi, wina amakwera padenga ndi chidebe kapena paipi yothirira, n'kuyamba kuthira kumunsi kwa denga, kudikira, kenako kukwera pang'ono, kudikiranso. Mukayambira kumtunda madzi amanyowetsa ponseponse ndipo simudziwa polakwika. Nthawi yabwino yochitira zimenezi ndi Seputembala kapena Okutobala, mvula isanayambe, m'mamawa malata asanatenthe, ndipo poyenda padenga muziponda pamzere wa misomali pomwe pansi pake pali thabwa.

Kwa achemwali ntchito inatenga masiku awiri. Tsiku loyamba mkulu uja ndi mnyamata wake anagumula simenti yonse ndi tchizulo, mosamala kuti asaboole malata, n'kupala dzimbiri limene linali litayamba pansi pake ndi kupakapo penti. Anayeza khoma ndi chingwe, n'kutumiza mnyamatayo kwa okhoma zidebe ndi kapepala ka miyeso. Tsiku lachiwiri anasema kamzere m'khoma ndi gilayinda, fumbi lofiira la njerwa lili kobo, n'kuyamba kuyala zitsulo kuchokera kumunsi kwa denga kukwera nazo. Chidutswa chilichonse asanachikhomere ankathirapo madzi a m'botolo n'kuwayang'ana mmene akuyendera. Pena sanakhutire, anachotsa n'kupindanso mlomo wake ndi pulayala. Pomaliza anaveka mutu wa khoma chipewa chachitsulo, n'kuboola kabowo kolavulira madzi kumapeto kwa ngalande.

Achemwali ankafuna kupentanso pabalaza sabata yomweyo, koma mkuluyo anawaletsa. "Mayi, khomali lamwa madzi a zaka ziwiri. Lisiyeni lipume mpaka chilimwe, mukapenta lero pentiyo idzafufumanso." Ndinapitako kumapeto kwa Januwale, tsiku limene mvula inayamba cha m'ma 2 koloko masana n'kukata mdima utagwa. Mzere wachikasu uja unali pomwepo, koma nditaugwira ndi chikhatho unali wouma. Kabati anali ataibwezera kukhoma, ndipo beseni lija linali kuseri kwa nyumba, mdzukulu atanyikamo yunifolomu yake ya sukulu.